Chithunzi Choonera Chagada

Fungo la masamba a bulugamu owiritsa ndi limene limandibwezera ku Chisenga. Ngakhale lero, ndikangodutsa pamene mayi akufukiza mwana wachimfine, ndimamva mphepo ya ku mapiri a Mafinga ikulowera pansi pa chitseko, ndipo m'makutu mwanga mumabwerera chifuwa cha adada. Sichinali chifuwa wamba chotsokomola n'kulavula n'kupitiriza ulendo ayi. Chinkayambira pansi penipeni, chouma, chosatulutsa kanthu, ndipo chikawagwira ankatsamira chipupa ndi manja onse awiri mpaka misozi kutuluka. Chinali chaka chija anthu anavotera zipani zambiri koyamba. Mvula inali itangosiya, chimanga chikuuma m'minda, ndipo m'mawa uliwonse amayi ankandituma kukathyola masamba aja kuseri kwa sukulu, mame akundiluma zala.

Panali patatha zaka zingapo chibwerereni chathu kuchokera ku Zambia, kumene adada anagwira ntchito m'migodi ya kopa kuyambira ali mnyamata. Madokotala a kumeneko anawauza kuti m'mapapo mwawo mwadzaza fumbi la miyala, ndipo fumbi lotero silichoka ndi mankhwala kapena pemphero. Adada anagula malata, n'kubwerera kwawo kudzamanga kanyumba pamalo a makolo awo. Amayi anali Mchewa wa ku Mchinji, anakumana nawo kukomboni komweko. Pamudzi ankawaitana kuti NyaPhiri, ndipo ankaseka Chitumbuka chawo chotsimphina, koma iwo sankasamala. Ankangoyankha "yewo" pa chilichonse, ngakhale munthu akuwajeda pamaso. M'nyumba tinkalankhula Chichewa cha amayi. Ana tinalipo awiri: achimwene anga Gomezgani, amene tonse tinkangowatchula kuti Gome, ndi ine Towera, kamtsikana ka sitandade folo kosatha kutseka pakamwa.

Pa katundu yense amene tinabwera naye, chimene adada anachifungatira okha m'basi ulendo wonse chinali chithunzi. Sichinali cha kamera. Wina anachijambula ndi khala pa pepala lolimba la thumba la simenti, ndipo ukachiyandikira chinkanunkhabe simentiyo pang'ono. Panali machumuni aatali, nsanja yachitsulo yokhala ndi gudumu lalikulu pamwamba, mashedi a malata, ndi mapaipi opingasapingasa. Koma palibe chimene chinaima chilili. Nyumba zonse zinali zazikulu m'mphepete mwa pepala, n'kumaonda pamene zikulowa mkati, zonse zitaweramira pakati ngati anthu ozungulira chitsime. Pakatipo panatsala kamalo koyera kokwana chikhatho changa. Panalibe nthaka, panalibe mtengo, panalibe munthu. Chakumtunda kwa pepala kunali chinthu chakuda bii, chopindika ngati m'mbali mwa mphika, chimene ine ndinkati ndi phiri.

Adada anachikhomera pachipupa cha pabalaza ndi misomali yokhala ndi zitsekerero za mabotolo. Amayi ankadana nacho. Ankati chimasunga mphemvu, ndipo nyumba ya Mkhristu imafunika kalendala ya kutchalitchi, osati utsi. Ine ndinkachinyoza mumtima chifukwa kusukulu aphunzitsi ankatimenya ndi rula tikajambula nyumba yopendama, ndiye ndinkadabwa kuti munthu wamkulu wandevu angalephere bwanji mzere woongoka. Gome yekha ndi amene ankaima patsogolo pake nthawi yaitali, manja ali m'thumba. Iye sankaona makala kapena pepala. Ankaona magetsi, malipiro a pamwezi, nsapato zachikopa ndi buledi wa tsiku ndi tsiku, zonse zimene tinasiya ku Zambia.

"Malo ake ndi abwino," ankatero, "koma wojambulayo anali ataledzera."

Adada akamva zimenezo ankangomuyang'ana. Sanali munthu wa nkhani zambiri, ndipo mpweya umene unawatsalira ankausunga ngati mchere wa m'nyengo yamvula.

Gome anali atalemba mayeso a sitandade eiti mobwerezabwereza osasankhidwa kupita kusekondale, ndipo ndevu zinali zitayamba kumera. Khasu ankaligwira, koma moti ngakhale khasulo linkadziwa kuti silikufunidwa. Pa nthawiyo kunkabwera wamalonda wina wa njinga wochokera ku Tunduma, m'malire a Tanzania, wogulitsa zitenje, sopo ndi mafuta ophikira. Akatsitsa katundu wake pansi pa mtengo wa mango, anyamata ankamuunjikira, iye n'kumawauza za maenje a golide kupitirira Mbeya, kumene ati mnyamata wa bahati, ndiye kuti wamwayi, amalowa pansi ndi nsanza n'kutuluka ndi wailesi. Gome ankabwera kunyumba maso akuwala. M'nyumba mwathu aliyense ankadziwa chimene chinkaopedwa, ngakhale ine. Sitinkaopa imfa ya adada, chifukwa imeneyo inali itakhala kale pakhonde kudikira. Tinkaopa kuti Gome adzalowa mumgodi. Ndinawamva adada akuuza amayi masana ena akusenda nyemba kuti mwana wawo pansi adzalowepo kamodzi kokha, ndipo adzachite kumuika anthu, osati kupita ndi miyendo yake.

Ndiye kunabwera misonkhano. Abale, chaka chimenecho ngakhale nkhuku zinali ndi chipani. Magalimoto amene sitinawaonepo ankabwera akugwedezeka m'msewu wathu wa maenje, atanyamula zimkuzamawu ndi mbendera, ana tikuthamangira m'fumbi mwake. Anthu amene kale ankanong'ona akamatchula boma tsopano ankakuwa pamsika. Mmodzi mwa ofuna uphungu anali bambo wina wamtali wa kwathu komweko amene anakhalitsa m'tauni. Ankavala chijasi chachikopa ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndiye ana tinamupatsa dzina loti a Chijasi. Ankayenda khomo ndi khomo kuzonda odwala, ndipo tsiku lina anagogoda kwathu.

Anapereka moni wa Chitumbuka mogwada, n'kugwira dzanja la adada ndi manja awiri. Anapemphera, ndipo pemphero lake linali lalitali moti madzi a bulugamu anazizira mumphika. Atatsegula maso anaona chithunzi chija. Anaimirira, anachiyandikira, anabwerera m'mbuyo, kenaka anapendeketsa mutu. Anafunsa ngati angachibwereke tsiku limodzi lokha kuti anthu akaone ntchito imene ana a Chitipa anagwira kunja. Chifuwa chinali chitawagwira adada nthawi yomweyo, moti sanathe kuyankha. Gome ndiye anayankha m'malo mwawo, ndipo anazula yekha misomali ndi mpeni.

Msonkhano unachitikira pabwalo la mpira la kusukulu. Ndimakumbukira fumbi lofiira lolowa m'mano, fungo la thukuta ndi zitumbuwa, amayi ovina atamanga zitenje zatsopano, ndi mbuzi ina imene inkangolira itamangidwa kugalimoto. Ine ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo. A Chijasi analankhula za msewu wa phula, za mankhwala m'chipatala, za feteleza. Kenaka anakodola Gome, ndipo achimwene anga anakwera pabenchi atakweza chithunzi cha adada m'mwamba, chifuwa chili panja ngati tambala. A Chijasi analoza pepalalo ndi ndodo, n'kuuza khamu lonse kuti iyi ndi pulani ya fakitale imene idzamangidwe m'munsi mwa Mafinga akangopambana. Anati mnyamata aliyense wa ku Chisenga mpaka ku Wenya adzalembedwa ntchito, ndipo palibe adzapitenso kukavutika kwa eni.

Nthungululu zinamveka mpaka kumtsinje. Mkulu wina wa mpingo, amene anali mmisiri womanga nyumba, anafunsa mwaulemu chifukwa chimene machumuniwo apendamira. A Chijasi sanaphethire n'komwe. Anati umo ndi mmene amamangira masiku ano kumayiko a azungu, kuti mphepo isagwetse. Anthu anaombanso m'manja, ndipo mkulu uja anakhala pansi mwamanyazi. Ine ndinkadziwa kuti chithunzicho ndi cha ku Zambia, ndipo Gome ankadziwa kuposa ine. Koma ndinamuona nkhope yake ali pabenchi paja, ndipo ndinganene mosakayika kuti ankakhulupirira liwu lililonse. Pobwerera ndinali ndi amayi. Titafika pamphambano anangoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno," n'kulavula.

Chithunzi chinabwera madzulo omwewo chitapindika pakati, ngodya imodzi itang'ambika, ndi zidindo za zala zamafuta m'mphepete. Gome anachiika pampando n'kutulukanso kukacheza ndi anzake. Ine, pokhala wapakamwa, ndinawafotokozera adada zonse, mpaka kuyerekeza mawu a a Chijasi ndi ndodo yawo. Nditafika pa nkhani ya mphepo ija, adada anaseka. Ndinali ndisanawamvepo akuseka chibwerereni ku Zambia. Koma kuseka kuja kunasanduka chifuwa, ndipo chifuwacho chinawapinda mpaka chipumi kugunda mphasa. Amayi anandikalipira kuti ndiwapha abambo anga ndi lilime.

M'mawa mwake, amayi atapita kumunda, adada anandiitana. Masiku amenewo ankagona pamphasa pabalaza, chifukwa ndi pamene dzuwa la m'mawa linkalowera. Anandiuza kuti nditenge luzi, ndiboole ngodya zinayi za pepala lija, ndikwere pa mtondo, ndilimangirire kumapaso a denga, nkhope yake iyang'ane pansi. Ndinaganiza kuti matenda awafika m'mutu. Komabe ndinakwera, malata akundiwotcha pamutu, mwaye ukundigwera m'maso, mpaka chithunzi chinalenjekeka pamwamba penipeni pa mphasa yawo.

"Tsopano gona apa," anatero, akusuntha pang'ono. "Chagada. Mutu uloze kukhomo."

Ndinagona. Pansi panali pozizira, ndipo bulangete la adada linkanunkha bulugamu ndi thukuta la odwala. Poyamba ndinangoona makala omwe aja. Kenaka zonse zinatembenuka. Nyumba zija sizinapendame konse. Zinali zitaima chilili mondizungulira, zazitali koopsa, zikukwera kupita kumwamba, ndipo ine ndinali pansi pakati pawo. Machumuni ankaonda chifukwa nsonga zake zinali kutali. Gudumu lija linali pamwamba panga ndithu, moti ndinkaona ngati litembenuka. Kamalo koyera ka pakati kaja kanali thambo, thambo lonse limene linatsala, ndipo nyumbazo zinkaoneka ngati zikufuna kulitseka. Nthaka panalibe chifukwa inali kumsana kwanga. Ndinachita mantha, ndinagwira mkono wa adada, koma maso sindinachotse.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, akupuma pakati pa mawu. Wojambulayo anali mnzawo wa gulu limodzi, Mbemba wina dzina lake a Mwansa, amene ankakonda kujambula nkhope za akapitawo pamakoma ndi choko mpaka kutsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Tsiku lina mwala unagwa kuchokera kudenga la mgodi n'kuwathyola msana. Anzawo anawakweza m'chikepe, n'kuwanyamula pamachira kudutsa pabwalo la fakitale kupita kugalimoto ya chipatala. A Mwansa anali atadutsa pabwalo limenelo zaka zambiri, koma nthawi zonse akuyang'ana nsapato zawo. Tsiku limenelo ndi pamene analiona koyamba, ali chagada. Ali m'chipatala anapempha khala ndi pepala, n'kujambula zimene anaona. Sanayendenso, ndipo sanakhalitse.

"Nanga phirili?" ndinafunsa, ndikuloza chakuda chija chimene tsopano chinali pamwamba pa chipumi changa.

"Si phiri. Ndi mlomo wa chipewa cha mumgodi. Wonyamula machira kumutu amaweramira wovulala." Adada analoza kudenga. "Chipewa chimenecho ndi changa."

Ndinagona pamenepo mpaka dzuwa linachoka pamphasa. Ndinayamba kuona zimene sindinkaziona chili pachipupa: mmene a Mwansa anakanikizira khala mwamphamvu pa mapaipi mpaka pepala kunyezimira, mmene anafufutira utsi ndi chala, ndi mizere ina yonjenjemera imene dzanja linalephera kuimaliza. Anasiya mawindo onse opanda kanthu, akuda, ndipo sanajambule njerwa ngakhale imodzi. Anangotenga zimene munthu wopwetekedwa angathe kuona m'kanthawi kochepa, zikuluzikulu zokhazokha, zina zonse n'kuzitaya. Rula ya aphunzitsi athu ikanachiwononga. Ndinauza adada kuti ndi chokongola, kenaka ndinachita manyazi ndi mawuwo. Iwo anati ndisachite manyazi, a Mwansa akanakondwa kumva.

Gome atabwera masana anapeza chithunzi chili kudenga, ndipo anaseka n'kufunsa ngati tsopano tikuyanika fakitale. Adada anamuuza kuti agone pamphasa. Gome anakweza mutu ali chiimire, anayang'ana pang'ono, n'kunena kuti wachiona. Adada anati munthu ali chiimire sichioneka. Ine ndinalumphalumpha ndikumukoka malaya, ndikumuuza kuti achimwene gonani muone, nyumba zimaongoka, muli adada mmenemo. Anandikankha.

"Adada, ine sindikudwala," anatero. "Masana ano ndigone pansi ngati mtembo?"

Mawuwo atangotuluka anazindikira chimene wanena, koma anali atatuluka basi. Adada anatembenukira kuchipupa. Gome anaima pakhomo kanthawi, akukanda chitseko ndi chikhadabo, kenaka anapita.

Chisankho chinachitika, a Chijasi anapambana, ndipo chijasi chija sitinachionenso. Kuzizira kunafika penipeni. Tinakolola chimanga chochepa, tinapuntha mawere, milomo yathu inang'ambika ndi mphepo. Gome anadikira fakitale yake mokhulupirika, ndimuchitire umboni pamenepo. Galimoto iliyonse ikamveka ankathamangira kumsewu kukaona ngati yanyamula zitsulo. Kunabwera mphekesera yoti azungu oyeza malo afika kuboma, kenaka ina yoti adwala malungo abwerera. Anzake anayamba kumuseka, kumamutcha kuti bwana manejala. Pakhomo ankagwira ntchito mwakachetechete. Ndi iye amene ankanyamula adada kupita nawo padzuwa ndi kuwabwezera, ndi iye ankawameta ndevu ndi lezala, mosamala ngati akusenda dzira. Koma akalowa pabalaza ankayenda mutu uli pansi, ndipo pamphasa paja sankakhalapo ngakhale pang'ono.

Adada anayesanso kangapo. Sankatha kukalipa, ndipo kulalikira sankadziwa. Ankangoti, "Gome, bwera ugone apa," ngati akuitana mwana wamng'ono. Nthawi zina ankayesa mwanthabwala, nthawi zina mopempha, moti ine zinkandipweteka kumva munthu wamkulu akupempha chotero. Amayi ankalankhula zambiri, ankalira, anapita naye ngakhale kwa abusa. Gome ankayankha kuti migodi ya golide si yakuya ngati ya kopa, kuti adzangokhalako nyengo imodzi, kuti pakhomo pano palibe ngakhale sopo ndipo Towera adzafuna fizi. Zoti sopo panalibe zinali zoona, ndipo n'zimene zinkawatseka pakamwa amayi.

Gome ananyamuka m'mawa wina kutacha bwino, nthawi imene anthu anayamba kutentha tchire ndipo phulusa la udzu linkagwa pabwalo. Wamalonda wa ku Tunduma uja ankamudikira kumsewu ndi anyamata ena awiri. Gome sanathawe mobisa. Analowa pabalaza ndi kachikwama kake, anagwada pafupi ndi mphasa, n'kutsanzika mwaulemu wonse. Anagwada pansi penipeni pa chithunzi chija. Kunangotsala kuti atembenuke n'kugona, ndipo ine ndinaima pakhomo ndikupemphera mumtima kuti achite zimenezo. Adada anamugwira dzanja, anakweza maso kudenga, n'kumuyang'ananso. Gome anayang'ana mphasa. Pomaliza adada analoza pakona pamene panali majombo awo a kumgodi, olimba kumphuno, amene ankawapaka mafuta ngakhale sankawavalanso.

"Tenga," anatero. "Miyala imayambira ku zala zakuphazi."

Amayi sanamuperekeze. Anakhala kuseri kwa nkhokwe akupeta mawere omwe anali atapetedwa kale. Ine ndinamuperekeza mpaka pamphambano, nditanyamula jombo imodzi, ndikulira mokwiya. Anandilonjeza diresi. Ndinamuuza kuti diresi lakelo akavale yekha.

Adada anamwalira mvula yoyamba isanagwe, ali pamphasa pomwepo, maso ali kudenga. Uthenga unatumizidwa kudzera mwa wamalonda uja, koma Gome anaumva maliro atapita kalekale. Amayi, amene ankadana ndi chithunzi chija chili pachipupa, sanalole munthu kuchimasula. Chinakhala kumapaso chikuda ndi utsi, akangaude akumanga m'mphepete mwake. Luzi likafumbwa ankandituma kukamanga lina.

Nyengo imodzi ija inasanduka zaka. Diresi linabweradi, ndi sopo, ndipo fizi yanga ya kusekondale inachokera m'maenje omwewo, sindingabise. Ndinali pa holide pamene anthu anabwera naye Gome. Lole inamusiya pamsika, ndipo amuna anayi a pamudzi anamunyamula pa chitseko kudzera m'njira ya m'minda. Dothi la dzenje linamugumukira n'kumuthyola msana, miyendo inalibenso ntchito. Amayi anayala mphasa pabalaza, chifukwa ndi pamene dzuwa la m'mawa linkalowera, ndipo palibe amene anaganiza za kudenga. Anthu anadzaza nyumba, anapepesa, anapemphera, kenaka anabalalika. Nditabwera ndi madzi ndinamupeza ali phee, maso ali m'mwamba, misozi ikutsikira m'makutu. Ndinafunsa ngati ndimasule chithunzi chija, iye anapukusa mutu.

"Towera," anatero, "a Mwansa aja sanaledzere."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti m'mawa uja adada ankandiphunzitsa kaonedwe ka chithunzi, ndipo ndinkanyada kuti ine, wamng'ono, ndinaona zimene zinamukanika Gome. Ndinkati vuto lake linali liuma basi, kuti akanangogona kamphindi kamodzi sakanapita. Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo sindikudziwanso ngati kamphindi kameneko kakanasintha kanthu, pakhomo popanda sopo. Chimene ndikudziwa n'chakuti luzi lija silinamangidwire ine. Adada analibe mpweya wokwanira kumuuza mwana wawo zonse, ndiye anapachika mawu awo kudenga n'kumadikira. Chithunzicho ndili nacho mpaka pano, kudenga la nyumba yanga, ndipo alendo ophunzira akachiona amachiyamikira, amati wojambulayo anali patsogolo pa nthawi yake. Ndimawauza kuti agone pansi, ena amagonadi, amadabwa, n'kudzuka akusasa fumbi. Inenso tsiku lija ndinachiona bwino ndithu, mzere uliwonse. Koma dzuwa litachoka pamphasa, ine ndinadzuka n'kupita kukasewera.